Chisipanishi cha oyamba kumene ndi ntchito yothandiza anthu: mafunso amene ophunzira ndi makolo a ku Chipata amandifunsa

Ikayandikira nthawi yolembetsa, pakhomo pa ofesi yanga sipatha anthu. Ena ndi ophunzira amene aona dzina la kosiyi pa fomu, ena ndi makolo amene abwera ndi nkhawa ya ndalama zawo. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, choncho ndawalemba pano pamodzi ndi mayankho anga. Ndimaphunzitsa Chisipanishi kwa anthu amene sanachimvepo chibadwire, ndipo kosi yake ili ndi mbali ziwiri: ya m'kalasi, ndi ya kunja kumene wophunzira amakagwira ntchito yothandiza anthu m'makomboni ndi m'midzi yozungulira Chipata. Mbali yachiwiriyi ndiyo imadabwitsa ambiri, n'chifukwa chake ndachedwapo.

Sindidziwa ngakhale liwu limodzi la Chisipanishi. Kodi ndingalembetse?

Lembetsani, kosiyi ndi yanu. Timayambira pa moni ndi pa zilembo. Komanso si zoona kuti simudziwa liwu lililonse. Chimene mwavala kuphaziko, nsapato, iwo amati zapato. Kalata ndi carta, kapitawo ndi capitán, ndipo amalinyero a m'ngalawa ndi marineros. Mawu amenewa anatifika kudzera kwa Apwitikizi a ku Tete ndi m'chigwa cha Zambezi, ndipo Chipwitikizi ndi Chisipanishi ndi pachibale, zonse ziwiri ndi ana a Chilatini.

Aphunzitsi, Chisipanishi ku Chipata? Ndidzalankhula ndi ndani?

Ndisakunamizeni: ku Saturday Market simudzagula tomato m'Chisipanishi, ndipo ku Kapata palibe amene adzakupatseni moni wa buenos días. Ngati mukufuna chinenero choti mawa lomwe muchigwiritse ntchito pamsewu, muli nacho kale.

Koma dziko silithera pa Mwami. Anthu pafupifupi 500 miliyoni anayamwira Chisipanishi, ndipo ndi chinenero cha boma m'mayiko 20. Dziko limene lili ndi ochilankhula ambiri si Spain ayi, ndi Mexico. Mu Africa muno chili ku Equatorial Guinea. Ndi chimodzi mwa zinenero 6 za bungwe la United Nations, ndiponso chili pa mndandanda wa zinenero za African Union. Pafupi ndi kwathu, alendo amene amadutsa mu Chipata kupita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa si onse olankhula Chingerezi bwino, ndipo wolondolera alendo amene angatchule kambuku kuti leopardo ndi mvuu kuti hipopótamo, n'kufotokoza pang'ono za moyo wake, saiwalika. Madokotala a ku Cuba agwirapo ntchito m'zipatala za dziko lino, ndipo ana a Zambia akhala akupita ku Cuba kukaphunzira udokotala. Okonda mpira mukudziwa kuti Barbra Banda anasewerapo ku Logroño, ndipo Racheal Kundananji anadutsa ku Eibar ndi ku Madrid CFF asanagulidwe ndi Bay FC mu 2024. M'chipinda chovalira cha matimu a ku Spain aja, Logroño, Eibar ndi Madrid CFF, munkamveka Chisipanishi.

Bwanji osaphunzira Chipwitikizi, pamene Mozambique ili pamphuno pomwepa?

Funso ili ndi lanzeru. Ngati maso anu ali pa malonda a ku Tete kudzera pa Chanida, phunzirani Chipwitikizi, ndipo ine sindingakuletseni. Chimene ndinganene n'chakuti wodziwa Chisipanishi amawerenga Chipwitikizi cholembedwa mosavutika kwambiri, ngakhale kuti kuchimva pakamwa pa eni ake ndi nkhani ina. Kwa ife olankhula Chinyanja, Chisipanishi ndicho chofewa kuyamba nacho chifukwa cha katchulidwe.

Kodi n'chovuta kuposa Chingerezi?

Pa katchulidwe n'chapafupi kwambiri, ndipo apa ndi pamene ophunzira anga amayamba kumwetulira. Mavawelo ake ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amatchulidwa monga momwe timawatchulira ife. A ndi a basi, sasintha mawu lero n'kusinthanso mawa monga amachitira m'Chingerezi. Chimene mwaona papepala ndicho mumanena. Mwana wa ku Chadiza amene amawerenga bwino Chinyanja angathe kuwerenga mokweza chiganizo cha Chisipanishi tsiku loyamba, mwini chinenero n'kumumva.

Zilembo zake ndi 27, zija mukuzidziwa kale kuwonjezapo ñ. Chilembo chimenechi ndi ny wathu wa mu nyumba ndi nyama, choncho mañana mumati manyana. Ch ndi yemwe uja wa mu chala. H satchulidwa n'komwe, hola ndi ola. J amatuluka pakhosi ngati h wokhakhala. B ndi v amamveka chimodzimodzi. Ngakhale pamene timagogomezera liwu pamafanana: ife timagogomeza phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo mawu a Chisipanishi othera ndi vawelo, n kapena s amatero. Liwu likaphwanya lamuloli amaika kamzere pamwamba pa vawelo, ndipo kamzereko si kokongoletsa. Papa ndi mbatata ya kachewere, papá ndi atate. Hablo ndiye kuti ndimalankhula, habló ndiye kuti analankhula.

Chovuta chimodzi n'chakuti lilime lathu silikonda kuthera pa konsonanti. Timafuna kunena ustedi, siudadi, otelu m'malo mwa usted, ciudad, hotel. Izi zimatha ndi kuyeserera.

Nanga r uja wonjenjemera? Ine l ndi r zimandisokoneza ngakhale m'Chingerezi.

Simuli nokha, ndipo si ulesi. M'Chinyanja l ndi r ndi liwu limodzi lovala zovala ziwiri: timalemba r pambuyo pa i kapena e, kwina konse l. Mukanena lero kapena lelo palibe amene asochere. M'Chisipanishi tanthauzo limasintha. Pelo ndi tsitsi, pero ndi koma, perro ndi galu. Caro ndi chinthu chodula, carro ndi galimoto.

Timathera milungu iwiri pa nkhani imeneyi. Ikani nsonga ya lilime kuseri kwa mano a m'mwamba, mulifewetse, kenaka tulutsani mpweya monga mwana akamatsanzira njinga yamoto. Musaliumirize, mpweya ndiwo umaligwedeza. Mnyamata wina wa ku Vubwi anatha semesita yonse r wake osatuluka. Ankayeserera popalasa njinga kuchokera kumene ankagona, ndipo m'mawa wina analowa m'kalasi thukuta lili kamukamu, osapereka ngakhale moni, n'kungoti perro, r akugudubuzika bwinobwino. Kalasi yonse inaomba m'manja. Ena zimawatengera nthawi yoposa pamenepo, ndipo sindichotsera munthu malikisi chifukwa cha r m'semesita yoyamba, bola asiyanitse l ndi r wamba.

Galamala yake ndiye akuti ndi yoopsa.

Imaopsa munthu amene akuidzera m'Chingerezi. Muidzere m'Chinyanja muone. Mabuku ambiri amataya masamba pofotokoza ser ndi estar, aneni awiri amene Chingerezi chimawaphatikiza pamodzi. Ife tili nawo kale. Soy amachokera kwa ser, estoy kwa estar. Ndine mphunzitsi, soy profesor. Ndili ku Chipata, estoy en Chipata. Ndili bwino, estoy bien. Simunganene kuti ndine ku Chipata pofuna kutchula kumene muli, ndipo khutu lomwelo lidzakutsogolerani nthawi zambiri, ngakhale kuti pali malo ochepa pamene zimasiyana.

Zina n'zambiri. Ndili ndi njala, tengo hambre. Ndili ndi zaka 20, tengo 20 años. Mfotokozi amatsatira dzina: nyumba yaikulu, casa grande. Mneni amanyamula yekha mwini ntchito, kungoti ife timamuika kutsogolo pamene iwo amamuika kumbuyo: ndimadya, umadya, timadya ndi como, comes, comemos. Ndipo ulemu ulimo. Tú ndi iwe, usted ndi inu wa munthu mmodzi wamkulu. Mwana woleredwa bwino wa kuno safuna phunziro lalitali kuti adziwe amene angamunene tú.

Chachilendo ndi chakuti dzina lililonse ndi lachimuna kapena lachikazi, ngakhale tebulo ndi buku: la mesa, el libro. Koma munthu amene amati mwana wabwino, chinthu chabwino, nyumba zabwino osaganiza n'komwe, magulu awiri okha sangamugonjetse. Lowezani dzina pamodzi ndi el kapena la wake. Chenjerani ndi mawu ofanana ndi Chingerezi: ropa ndi zovala, sopa ndi msuzi, éxito ndi kupambana, ndipo embarazada ndi mayi woyembekezera.

Pamene pamafunika thukuta ndi pa aneni osatsata lamulo, monga ir (kupita), tener (kukhala ndi), hacer (kuchita), ndi pa nthawi ziwiri za kale zimene timafika nazo mu semesita yachiwiri. Pamenepo palibe njira yachidule.

Tsono ntchito yothandiza anthuyi ndi yotani? Tikukaphunzitsa ana Chisipanishi?

Ayi, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake, popeza ndinaphunzira movutikira.

Chaka choyamba ndinatumiza ophunzira 12 ku sukulu ina ya pulayimale kuti akaphunzitse ana moni ndi manambala a Chisipanishi. Ana anakondwa. Tikamafika ankatithamangira akufuula hola, hola, ndipo ine ndinkaona ngati zikuyenda. Patapita milungu itatu ahedi a pasukulupo, mayi wachikulire wofatsa, anandiitanira mu ofesi mwawo. Anatithokoza kaye, kenaka anaitana mtsikana wina wa giredi 4 n'kumupatsa buku la Chinyanja. Mwanayo anaika chala pa liwu lakuti nyumba, anayesa, anakakamira pa nyu, n'kuweramitsa mutu. Mayiwo anati, "Aphunzitsi, mwana uyu akudziwa tsopano kuti casa ndi nyumba, koma nyumbayo sangaiwerenge. Kodi munabwera kudzathandiza ife, kapena kudzathandiza ophunzira anu?" Ndinalibe choyankha. Ndinali nditasandutsa ana a eni bolodi loyesererapo, osafunsa n'komwe chimene sukuluyo inkasowa.

Kuyambira pamenepo timayamba ndi kufunsa. Semesita isanayambe ndimakhala pansi ndi ahedi, anyakwawa, atsogoleri a magulu a amayi ndi a makomiti a zaumoyo, iwo n'kunena ntchito imene ikusowa manja. Ntchitoyo imagwiridwa m'Chinyanja, chifukwa ndicho chinenero cha anthu amene tikuwatumikira. Ambiri amakawerenga ndi ana amene atsalira m'mbuyo, awiriawiri kapena atatuatatu, m'masukulu a ku Mchini ndi ku Nabvutika. Ena amathandiza magulu osunga ndalama kukonza mabuku awo kuti masamu azigwirizana. Ena amakhala pa sikelo ya ana kuthandiza kulemba ndi kukonza mzere, osakhudza mankhwala kapena jakisoni. Ena amathira dothi m'machubu pa nazale ya mitengo. Ndi maola awiri pa mlungu kwa milungu 12, malo amodzimodzi, anthu omwewo, kuti mwana amene mwayamba naye asasinthiridwe nkhope mlungu uliwonse.

Ngati ntchitoyo ndi ya m'Chinyanja, Chisipanishi chikulowa pati?

Chimalowa pobwerera. Chinenero chimakhazikika mwa munthu akakhala ndi chinthu choona chimene akufunitsitsa kunena. Ziganizo za m'buku, za munthu wongopeka amene akugula tikiti ya sitima ku Madrid, zimauluka mayeso akangotha. Koma mukabwera kuchokera ku Mchini muli ndi nkhani yanuyanu.

Ulendo uliwonse mumalemba ziganizo zosachepera zisanu m'kabuku kamene timakatcha diario. Poyamba zimakhala zazifupi. Mtsikana wina wa ku Katete analemba kuti: Hoy leo con una niña. Tiene nueve años. Vive con su abuela. Ndiye kuti, lero ndikuwerenga ndi kamtsikana, kali ndi zaka 9, kamakhala ndi ambuye ake. Mlungu wotsatira anabwera kudzandifunsa mmene anganenere kuti mwanayo sanabwere chifukwa anapita kukakumba nshawa. Nthawi ya kale tinali tisanafike, koma anaifuna yekha, ndipo no vino sanaiwalenso. Mawu amene mumaphunzira amachokera kumene mwapita: pizarra ndi bolodi, tiza ndi choko, pozo ndi chitsime, deuda ndi ngongole, semilla ndi mbewu.

Kawiri pa semesita timalankhulana pa vidiyo ndi ophunzira anzathu a ku Colombia amene akuphunzira Chingerezi. Ikamakwana 4 koloko madzulo kuno, ku Bogotá imakhala 9 koloko m'mawa. Mumawafotokozera ntchito yanu m'Chisipanishi chanu chopunthwapunthwacho, iwo n'kukufunsani. Nkhani imene sitha ndi ya chakudya. Amadabwa kumva kuti timadya nsima ya chimanga tsiku lililonse, ife n'kudabwa kumva kuti chimangacho kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, kuti nshawa zimene chigawo chathu chimanyadira zinachokera ku South America, ndi kuti liwu lakuti tomato linachokera ku Chinahuatl, chinenero cha Aaziteki, kudzera m'Chisipanishi.

Palinso china chimene sindinachikonze koma ndimachiona chaka ndi chaka. Wophunzira amene m'mawa anachita manyazi m'kalasi mwanga, lilime litakana, masana akakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mwana amene akulimbana ndi ma, me, mi, mo, mu, samukalipira. Akudziwa mmene zimawawira kudziwa chinthu mumtima koma pakamwa osatuluka. Ndipo ana a ku mayiko a Chisipanishi amaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo omwewo, ma, me, mi, mo, mu, chifukwa kalembedwe kawo n'kolunjika ngati kathu.

Kodi zimenezi mwazipeka nokha?

Ayi. M'Chisipanishi amati aprendizaje-servicio, kuphunzira kophatikiza ndi kutumikira, ndipo ku Latin America n'kwakale. Ku Mexico zinayamba mu 1936, pamene Gustavo Baz anakonza kuti ophunzira udokotala a pa yunivesite ya UNAM azikatumikira kumidzi asanalandire digiri. Lero wophunzira wa pa yunivesite m'dzikolo amayenera kugwira servicio social, kawirikawiri maola 480. Ku Cuba mu 1961 achinyamata pafupifupi 100,000 anapita kumidzi kukaphunzitsa akuluakulu kuwerenga, ndipo chaka chimenecho anthu oposa 700,000 anaphunzira. Timawerenga za zimenezi m'kalasi m'Chisipanishi chofewa, n'kukambirana zabwino zake ndi zovuta zake. Athu ndi maola 24 okha pa semesita.

Ine ndine kholo. Mwana wanga ndinamutumiza kukaphunzira, osati kukagwira ganyu yaulere.

Atate, amayi, ndikumva kudandaula kwanu, ndipo fizi imene mwalipira munaipeza movutikira, ena mwagulitsa soya, ena ng'ombe. Maola anayi a m'kalasi pa mlungu ali pomwepo, sitichotsapo kanthu. Ntchito ya kunjayi ndi gawo la phunziro, ili ndi malikisi ake, ndipo ine ndimayendera malo onse. Mwana wanu sakalowa m'malo mwa munthu wolembedwa ntchito, sakasesa ofesi ya munthu, sakatumidwa kumunda kwa wina. Mukamva zotere mundiuze tsiku lomwelo. Ndikupempheninso kuti akabwera kunyumba mumufunse dzina la mwana amene akuwerenga naye, ndi pamene afika. Mudzamva nokha ngati akutaya nthawi.

Pali malipiro? Nanga thiransipoti?

Malipiro palibe. Timayesetsa kukuikani kumalo kumene mungafike wapansi kapena pa njinga, ndipo simupita nokha, mumayenda awiri kapena atatu.

Ndimagwira ntchito masana, ndilinso ndi mwana wamng'ono. Kodi ndingangochita za m'kalasi zokha?

Kusiyiratu sikutheka, chifukwa gawo lalikulu la zolemba ndi zolankhula zanu limachokera kumeneko. Koma bwerani tikambirane mlungu woyamba. Magulu ena amakumana Loweruka, ndipo ngati kumene mumakhala kuli ntchito yoyenera, ndikhoza kukaiona n'kuivomereza. Amene ali ndi vuto la kuyenda timawapezera ntchito yokhala pansi, monga kulemba timabuku ta nthano ta ana m'Chinyanja.

Malikisi mumagawa bwanji? Kodi mumayesa ubwino wa mtima?

Mtima sindingauyese. Pa malikisi 100, 40 ndi a mayeso olemba, 30 ndi a kulankhula ndi kumva, 30 ndi a diario pamodzi ndi lipoti limene mumapereka pakamwa kumapeto. Amene akukulandirani amasaina maola anu, ndipo ndimawafunsa ngati mumafika pa nthawi ndi ngati munawalemekeza. Maola akapanda kukwana simukhoza kosi, ngakhale mayeso mutalemba bwino chotani. Mu diario sindifuna nkhani zokometsera. Tsiku limene zinakanika, lembani kuti zinakanika. Fue difícil, kutanthauza kuti zinali zovuta, ndi chiganizo chabwino ndithu.

Tizivala bwanji, nanga zithunzi tingajambule?

Valani monga mukupita kwa apongozi. Atsikana tengani chitenje m'chikwama, makamaka kumidzi. Mukafika pamudzi yambani mwaonekera kwa anyakwawa, perekani moni mwaulemu wake, ndipo akulu ndi amayi, atate, ambuye, osati kuwatchula maina. Musalankhulane Chisipanishi pamaso pa anthu amene sakuchimva n'kumaseka, chifukwa aliyense angaganize kuti mukumunena.

Pa zithunzi ndine wouma mtima. Palibe kujambula mwana popanda chilolezo cha kholo ndi cha sukulu, ndipo palibe kuika nkhope ya mwana wa mwini pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti anzanu akutameni. Umphawi wa munthu si chokongoletsera tsamba lanu. Mu diario musalembe dzina lenileni la mwana kapena matenda a munthu. Musapereke ndalama kapena kulonjeza chimene simungakwanitse. Mukaona mwana amene akuoneka kuti akuzunzidwa, musayambe kufufuza nokha, uzani ahedi ndi ine tsiku lomwelo.

Mvula ikagwa, kapena kukagwa maliro?

Maliro ndi maliro, pitani, ndipo kumene mukutumikira kukagwa zovuta ntchito imaima, inu n'kukakhala nawo pamalirowo ngati mwana wa pamudzi. Mvula ya Januwale ndi Febuluwale timaidziwa, ndipo mlungu wa Nc'wala ambiri amakhala ku Mtenguleni, choncho ndandanda ili ndi milungu yobwezera. Chimene sindilola ndi kujomba mwakachetechete. Ana amafika msanga, amakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Imbani foni dzulo lake.

Ndili ndi Duolingo pafoni, pulogalamu yophunzirira zinenero. Kodi sikukwanira?

Igwiritseni ntchito, imathandiza kuloweza mawu, makamaka mukamaitsegula tsiku lililonse. Koma imakuphunzitsani kudzera m'Chingerezi, ndiye zonse zija zofanana ndi Chinyanja siingakuonetseni, ndiponso siingakuyang'aneni pakamwa. Za mabandulo musade nkhawa kwambiri: zomvetsera za mlungu ndimazipereka m'kalasi kuti muzisunge pafoni, muzimvera ngakhale netiweki palibe. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a usiku woti mawa mayeso. Chinthu chimodzi ndikupempheni, diario musaimasulire pa makina. Ndimazindikira msanga, chifukwa wophunzira wa milungu isanu salemba ngati loya wa ku Madrid, ndipo ziganizo zanu zolakwika ndizo zimandionetsa poti ndikuthandizeni.

Mumaphunzitsa cha ku Spain kapena cha ku Latin America?

Ndi chinenero chimodzi, ndipo amamvana monga Mchewa wa ku Katete amamvana ndi wa ku Kasungu. M'madera ambiri a Spain z ndi c wa mu ce, ci amatchulidwa lilime lili pakati pa mano, pamene ku Latin America amangoti s. Ku Spain anzako ambiri umawati vosotros, ku Latin America ndi ustedes basi, ndipo ku Argentina mnzako ndi vos. M'kalasi timatsata katchulidwe ka Latin America chifukwa n'kofewa kwa ife ndipo ochilankhula ambiri ali kumeneko, koma mumamvetsera zonse.

Ndikamaliza ndidzatha kuchita chiyani? Pali satifiketi?

Muyeso umene mayiko amagwiritsa ntchito uli ndi masitepe 6, kuyambira A1 mpaka C2. Masemesita awiri amakufikitsani pa A1, ndipo olimbikira amayandikira A2. Ndiye kuti mungadzifotokoze, kunena za banja lanu ndi ntchito yanu, kufunsa njira ndi mitengo, kulemba uthenga waufupi, ndi kumva munthu amene akulankhula pang'onopang'ono. Wolengeza mpira wa LaLiga mudzangotolapo mawu apa ndi apo, musakhumudwe.

Malikisi a kosiyi amalowa pa zotsatira zanu za pasukulu. Satifiketi yodziwika kunja ndi DELE, imene imaperekedwa ndi Instituto Cervantes, bungwe limene boma la Spain linakhazikitsa mu 1991, ndipo siitha ntchito. Palinso SIELE, yolembera pa kompyuta, imene imagwira zaka zisanu. Zonsezi zili ndi malipiro akeake ndipo zimalembetsedwa kudzera m'malo ovomerezeka okha, amene mungawaone pa tsamba la Instituto Cervantes. Amene akufuna kulemba ndimawakonzekeretsa padera.

Kodi kosiyi ingandipezetse mwayi wokaphunzira ku Cuba?

Siikulonjezani malo. Mwayi wa maphunziro a kunja umene umadzera m'boma umalengezedwa ndi Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo amayang'ana zotsatira zanu. Sukulu ya udokotala ya ELAM, imene inatsegulidwa mu 1999 pafupi ndi Havana, imayamba yaphunzitsa Chisipanishi ophunzira amene sachidziwa. Kufika ndi A1 kumangokupeputsirani miyezi yoyamba ija, imene ambiri amati ndiyo yowawa. Munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni malo, gwirani thumba lanu.

Tsiku loyamba ndibwere ndi chiyani?

Kope lachikuto cholimba la m'kalasi, lina laling'ono lokwana m'thumba la diario, ndi cholembera. Buku musagule kaye. Bweraninso mutafunsa kunyumba dzina la mudzi wa ambuye anu ndi mfumu yake, chifukwa phunziro loyamba aliyense amaimirira n'kunena me llamo, kutchula dzina lake, kenaka soy de, kutchula kwawo, kenaka mi abuela es de, kutchula kumene ambuye ake aakazi anachokera. Ndimalemba midzi yonseyo pabolodi, ndipo mlungu wachitatu, pogawa malo a ntchito, timayambira pa mndandanda womwewo.